Unansi wa OSPF wagwa nditayatsa MD5 pa area 0, koma chingwe chimene sindinaikepo kiyi chili FULL

Kangaude89 analemba:

Moni nonse akuluakulu a m'bwalo lino. Ndikupempha nzeru pa nkhani ya kutsimikizirana kwa marauta mu OSPF, dongosolo limene marauta amagwiritsa ntchito pouzana njira za pa netiweki, chifukwa zimene ndaona mu labu yanga zandizunguza mutu. Mwezi wamawa ndikuyenera kuyatsa kutsimikizirana pa netiweki imene ndimayang'anira, imene kwa zaka zambiri yakhala ikuyenda popanda kiyi aliyense, ndipo ndisanakhudze marauta enieni ndinaona kuti ndi bwino ndiyambe ndayeserera pa marauta anayi a Cisco IOS amene ndawalumikiza mofanana ndi mmene zilili kuntchitoko.

R1 ndi R2 zalumikizana pa 10.0.12.0/30, R1 ndi R3 zalumikizana pa 10.0.13.0/30, ndipo zingwe ziwirizi zili mu area 0, chigawo chapakati cha OSPF chimene ma area ena onse ayenera kulumikizana nacho. R3 ndi R4 zili pa 10.0.34.0/30 mu area 1, ndipo popeza kuseri kwa R4 kuli area 2 imene ilibe chingwe chofika ku area 0, pali virtual link, chingwe chongoyerekezera chofikitsa area 0 pa R4, pakati pa R3 ndi R4 yodutsa mu area 1. Ndisanasinthe chilichonse anansi onse anali FULL, kutanthauza kuti unansi wawo unali wokhazikika kwathunthu, ndipo njira zonse zinkaoneka mu tebulo la R1.

Pa R1, R2 ndi R3 ndinalemba lamulo ili pansi pa router ospf 1:

`area 0 authentication message-digest`

Kenako ndinaika kiyi pa interface (doko la rauta) ya R1 yoyang'ana R2, ndipo kuti ndisalakwitse polemba ndi manja, ndinakopera zilembo za kiyiyo kuchokera mu show running-config ya R1 n'kuziika pa R2. Mizere yake ikuoneka motere:

R1: `ip ospf message-digest-key 1 md5 7 0822455D0A16`

R2: `ip ospf message-digest-key 1 md5 0822455D0A16`

Unansi wa R1 ndi R2 unagwa patapita masekondi pafupifupi 40 ndipo sunadzukenso, ngakhale nambala ya kiyi ndi 1 mbali zonse ziwiri ndipo zilembo zake ndi zomwezo. Chimene chandidabwitsa koposa ndi chakuti pa chingwe cha R1 ndi R3 sindinafike poikapo kiyi aliyense, koma show ip ospf neighbor ikusonyeza FULL ngati palibe chimene chasintha. Komanso njira za ku area 2 zasowa pa R1, ndipo sizinasowe nthawi yomweyo koma patapita kanthawi, pamene ine area 1 ndi area 2 sindinazikhudze, ndipo R3 ikuonabe R4 ngati mnansi pa 10.0.34.0/30. Kodi ndalakwitsa pati? Ndipo tsiku lochita zimenezi pa netiweki yeniyeni, ndiyambire pati kuti njira zisaduke?

Nkhwazi_ya_Netiweki anayankha:

Achimwene a Kangaude, mwachita bwino kuika mizere yeniyeni ya konfigi, chifukwa vuto lanu loyamba likuoneka pompo. Ndiyambe ndi mmene rauta imaunikira paketi ya OSPF ikafika, popeza mavuto anu atatuwo akuchokera pamalo atatu osiyana a kuunikako.

Mu RFC 2328 ya 1998, chikalata chimene chimafotokoza OSPFv2 (OSPF ya IPv4), mutu wa paketi iliyonse uli ndi kagawo kotchula mtundu wa kutsimikizirana. Mtundu 0 ndi wopanda kutsimikizirana, mtundu 1 ndi mawu achinsinsi a zilembo zosapitirira 8 amene amayenda poyera moti aliyense wogwira paketiyo angawawerenge, ndipo mtundu 2 ndi umene mwayatsawu. Mu mtundu 2 kiyi mwiniwakeyo sayenda pa chingwe. Rauta yotumiza imatenga paketi yonse pamodzi ndi kiyi n'kuwerengera chidindo cha MD5 cha mabayiti 16 chimene imachiika kumapeto kwa paketi, ndipo m'mutu imalembamo nambala ya kiyi, kutalika kwa chidindocho ndi nambala ya ndondomeko imene siyenera kubwerera m'mbuyo. Rauta yolandira imayamba yaona ngati mtundu ukufanana ndi wa interface yake, kenako imafufuza ngati ili ndi kiyi wa nambala imeneyo, ndipo pomaliza imawerengera yokha chidindo n'kuchiyerekeza ndi chimene chabwera. Paketi yolephera pena paliponse imatayidwa mwakachetechete, ndipo Hello, paketi imene anansi amapatsirana moni pafupipafupi, akatayidwa kwa masekondi 40 a dead interval, nthawi imene rauta imadikira isanayese mnansi kuti wasowa, unansi umagwa, monga mmene munaonera.

Tsono pa R1 ndi R2, makiyi anu si ofanana ngakhale akuoneka choncho. Nambala 7 imene ili pa mzere wa R1 ikutanthauza kuti zilembo zotsatirazo ndi kiyi wobisidwa ndi service password-encryption, ndipo R1 imazimasula isanazigwiritse ntchito. Inu pokopera munasiya 7, ndiye R2 inatenga zilembo 12 za 0822455D0A16 ngati kiyi weniweni. Kiyi amene R1 ikugwiritsa ntchito ndi mawu akuti cisco, ndipo ndawadziwa pongoona mzere wanuwo, chifukwa kabisidwe ka mtundu 7 kamamasulika mosavuta ndipo kanapangidwa kuti kangophimba maso a munthu wosuzumira pa sikirini. Popeza ino ndi labu palibe chaonongeka, koma mzere wotere wa rauta yeniyeni musadzauike pagulu kapena kuutumiza pa imelo poganiza kuti ndi wobisika. Pa R2 chotsani kiyiyo ndi `no ip ospf message-digest-key 1`, kenako mumulembenso, kaya ndi 7 yake yomwe kapena mawu enieniwo. Muzisamalanso ndi mpata wotsalira kumapeto kwa mzere pokopera, chifukwa sumaoneka ndi maso koma ungathe kuwerengedwa ngati chilembo cha kiyi.

Chingwe cha R1 ndi R3 ndicho chimene ine chikundidetsa nkhawa kwambiri, ngakhale ndicho chikuoneka kuti chili bwino. Mutayatsa message-digest pa area 0 popanda kuika kiyi pa interface, IOS siinasiye kutumiza mapaketi, koma ikuwatumiza ndi mtundu 2, nambala ya kiyi 0, ndi kiyi wopanda chilembo ngakhale chimodzi. R3 nayo ikuchita chimodzimodzi, motero mtundu ukufanana, nambala ikufanana, chidindo chikufanana, ndipo unansi uli FULL. Lembani show ip ospf interface pa chingwe chimenecho ndipo muona mzere wakuti `No key configured, using default key id 0`, pamene pa interface yokhala ndi kiyi pamalembedwa `Youngest key id is 1`. Tanthauzo lake ndi lakuti rauta iliyonse yachilendo imene ingayatse mtundu 2 popanda kiyi ingalowe mu area 0 yanu podzera pamenepo, inu mukuganiza kuti pakhomo ndi potseka. Chingwe chogwa chimadziulula chokha chifukwa anthu amadandaula, koma ichi chingakhale choncho kwa zaka popanda wozindikira, ndiye mukamaliza ntchito yanu musakhutire ndi show ip ospf neighbor yokha, muunike interface iliyonse payokha.

Za area 2 zikuchokera ku virtual link. Ngakhale mapaketi ake amadutsa mu area 1, virtual link imawerengedwa ngati interface ya area 0, ndipo m'mutu mwa mapaketi ake mumalembedwa area 0.0.0.0. Lamulo limene munalemba pa R3 linakhudzanso virtual link, pamene R4, imene munaisiya poganiza kuti ilibe gawo mu area 0, ikutumizabe mtundu 0. Unansi wa pa 10.0.34.0/30 uli bwino chifukwa umenewo ndi wa area 1. Kuchedwa kuja kunabwera chifukwa pa IOS virtual link imayenda ngati demand circuit, ndipo unansi ukakhazikika ma Hello amasiya kutumizidwa, motero kusagwirizanako sikuonekera mpaka pakhale LSA (uthenga wofotokoza zingwe ndi njira) yofunika kuwoloka kapena OSPF iyambitsidwenso. Pa R4 lembani `area 0 authentication message-digest`, kenako muike kiyi pa virtual link mbali zonse ziwiri. Ngati router ID ya R3 ndi 3.3.3.3, mzere wa pa R4 ukhala wotere, ndipo pa R3 mulemba wofanana nawo wotchula router ID ya R4:

`area 1 virtual-link 3.3.3.3 message-digest-key 1 md5 KIYI-WANU`

Mukatero onani show ip ospf virtual-links. Mu labu mungayatsenso debug ip ospf adj, imene imanena poyera ngati chosemphana ndi mtundu, nambala ya kiyi kapena kiyi mwiniwake, koma pa rauta yotanganidwa ya kuntchito muziiyatsa kwa kanthawi kochepa n'kuizimitsa.

Mlondanjira anayankha:

Zimene anena a Nkhwazi n'zoona zonse, ndipo ine ndingoyankha funso lanu lomaliza, la tsiku lenilenilo, chifukwa mu labu njira zikaduka mumangopumira m'mwamba n'kuyambiranso, pamene kuntchito mungadzitsekere nokha kunja kwa rauta imene mukuikonza.

Choyamba kudziwa ndi chakuti interface siingalandire mtundu 0 ndi mtundu 2 pa nthawi imodzi, motero kuchoka pa kusatsimikizirana kupita pa kutsimikizirana kulibe njira yoti zakale ndi zatsopano ziyendere limodzi. Mpata umene muli nawo ndi dead interval basi, imene pa Ethernet ndi pa zingwe za point-to-point imakhala masekondi 40 ngati simunaisinthe, Hello akutumizidwa masekondi 10 alionse. Mukasintha mbali zonse ziwiri mkati mwa mpata umenewu, unansi sugwa konse. Ena amaganiza zoyamba akweza dead interval kuti apeze nthawi yambiri, koma nambala imeneyi nayonso iyenera kufanana pa anansi onse, ndiye kuisintha kumabweretsa vuto lomwelo limene mukulithawa.

N'chifukwa chake ine sindikonda lamulo la area pa ntchito ngati yanuyi. Lamulo la area limasintha ma interface onse a rauta imeneyo amene ali mu area 0 pa kamphindi kamodzi, kuphatikizapo virtual link, ndipo rauta yokhala ndi anansi asanu ndi mmodzi imakupatsani masekondi 40 omwewo kuti mufike pa onsewo. Lamulo la pa interface, `ip ospf authentication message-digest`, limakhudza chingwe chimodzi chokha ndipo limaposa la area mphamvu pamene ziwirizi zasemphana. Yambani mwaika makiyi pa ma interface onse tsiku lisanafike, popeza mzere wa message-digest-key pawokha suyatsa chilichonse ngati mtundu sunasinthidwe. Tsikulo likakwana, tsegulani mawindo awiri, ikani lamulo pa rauta yakutali poyamba, kenako pa yapafupi, chingwe chimodzichimodzi. Mukayamba ndi yapafupi ndipo china chake n'kulakwika, njira yofikira yakutaliyo ingaduke musanaikonze. Musanakhudze rauta yakutali lembani `reload in 10` konfigi yatsopano musanaisunge, kuti mukadzitsekera kunja rautayo iyambenso yokha ndi konfigi yakale pakatha mphindi 10, ndipo zikayenda bwino mulembe `reload cancel`. Zingwe zonse zikatha, mungaonjezere lamulo la area pomaliza kuti interface yatsopano imene wina angadzaiike mu area 0 isadzayambe ndi mtundu 0, koma mukumbukire zimene a Nkhwazi anena za kiyi 0.

Kusintha kiyi m'tsogolo n'kosavuta kuposa kuyatsa koyambaku, ndipo ndiyo ntchito ya nambala ya kiyi. Mukaonjezera kiyi 2 pa interface imene ili kale ndi kiyi 1, IOS imatumiza paketi iliyonse kawiri, ina ya chidindo cha kiyi wakale ndi ina ya watsopano, kufikira itaona kuti anansi onse ayamba kugwiritsa ntchito watsopanoyo. Pamenepo mumachotsa kiyi 1 paliponse, chifukwa kiyi wakale akasiyidwa amakhala akulandiridwabe. Dziwaninso kuti youngest key amatanthauza kiyi amene waikidwa pomaliza, osati wa nambala yaikulu.

Koma popeza mukuyamba kumene, malangizo anga ndi akuti MD5 muidumphe. RFC 5709 ya 2009 inabweretsa HMAC-SHA mu OSPFv2, kuyambira SHA-1 mpaka SHA-512, ndipo pa IOS imakonzedwa ndi key chain:

`key chain OSPF-A0`
` key 2`
`  key-string KIYI-WANU`
`  cryptographic-algorithm hmac-sha-256`

Pa interface mumalemba `ip ospf authentication key-chain OSPF-A0`. Mtundu umakhalabe 2, ndipo paketi siitchula njira imene chidindo chawerengedwera, rauta yolandira imadziwira pa nambala ya kiyi. Key chain ili ndi send-lifetime ndi accept-lifetime, zimene zimalola kuti makiyi asinthane okha pa ola loikika. Mukamazigwiritsa ntchito, nthawi yolandirira kiyi watsopano iyambe nthawi yomutumizira isanakwane, ndipo nthawi yolandirira wakale ithe mochedwerapo, kuti kusiyana pang'ono kwa mawotchi kusagwetse unansi. Zonsezi zimadalira kuti mawotchi a marauta akhale olondola kudzera mu NTP, ndipo apa pali msampha woyenera kuuganizira. Rauta imene siisunga nthawi ikazima ingadzuke ndi deti la kalekale, n'kuona kuti nthawi ya kiyi wake sinakwane, n'kulephera kupanga unansi, pamene njira yopita ku seva ya NTP imaiphunzira kudzera mu OSPF yomweyo. Kusinthana kukatha, ine ndimachotsa ma lifetime pa kiyi wotsalayo kuti asadalirenso wotchi.

Kangaude89 analembanso:

Zikomo kwambiri a Nkhwazi ndi a Mlondanjira. Nditalembanso kiyi pa R2 unansi unabwerera pasanathe nthawi, ndipo virtual link inadzuka nditangokonza R4, njira za area 2 n'kuonekanso pa R1. Pa chingwe cha R1 ndi R3 mzere wa kiyi 0 uja ndinaupezadi, ndipo kuti ndikhutire ndinalumikiza rauta yachisanu m'malo mwa R3, yokhala ndi adiresi yoyenera ndi mtundu 2 wopanda kiyi, ndipo R1 inailandira n'kuyamba kuphunzira njira zake popanda kukana. Ndikanapanda kufunsa kuno, chingwe chimenecho ndikanachiwerengera m'gulu la zimene zayenda bwino.

Ndili ndi mafunso awiri otsala. Nditagwira mapaketi ndi Wireshark pa chingwe cha R1 ndi R2 MD5 ili yoyaka, ndaona kuti ma LSA onse akuwerengeka, maadiresi ndi ma cost omwe, pamene ine ndinkayembekezera kuti akhala obisika. Kodi pali chimene sindinayatse? Funso lachiwiri ndi lakuti kuntchito kuli marauta awiri akale amene IOS yake ilibe lamulo la cryptographic-algorithm, ndipo sitingawachotse chaka chino. Kodi MD5 ndi yoipa moti ndi bwino zingwe zawo ndizisiye mmene zilili kufikira titapeza ena?

Chingwe_Chofiira anayankha:

A Kangaude, palibe chimene mwaiwala kuyatsa. Kutsimikizirana kwa OSPFv2 sikubisa kanthu, ntchito yake ndi kusonyeza kuti paketi yachokera kwa amene ali ndi kiyi ndiponso kuti siinasinthidwe panjira. Amene angathe kugwira mapaketi pa chingwe chanu adzaona mapu onse a area imeneyo, kaya mwaika MD5 kapena SHA-512. Ngati mukufuna kuti zam'kati zibisike, zimenezo zimachitikira pena, monga MACsec pa chingwe kapena IPsec pa tunnel.

Pa funso lachiwiri ndikusiyanako pang'ono ndi achimwene a Mlondanjira, osati pa zoti SHA-256 ndi yabwino kuposa MD5, zimenezo sindikutsutsa, koma pa kulemera kwa nkhaniyo. MD5, imene Ronald Rivest anaifotokoza mu RFC 1321 mu 1992, inataya ulemu wake mu 2004 pamene Xiaoyun Wang ndi anzake anasonyeza njira yopezera mauthenga awiri osiyana okhala ndi chidindo chimodzi. Limeneli ndi vuto lalikulu pa masatifiketi ndi masiginecha, pamene woukirayo amadzikonzera yekha mauthenga onse awiri. Pa OSPF woukirayo akufunika kupanga chidindo cholondola cha paketi yake asakudziwa kiyi, ndipo imeneyi ndi ntchito ina. Njira yachidule imene ali nayo ndi kugwira Hello mmodzi yekha, amene amapita ku 224.0.0.5 masekondi 10 alionse, kupita naye pa kompyuta yake, ndi kuyesa mawu mamiliyoni ambirimbiri kufikira chidindo chitafanana, ndipo rauta yanu siidziwa n'komwe kuti zimenezi zikuchitika. Kiyi ngati cisco uja amagwa m'kuphethira kwa diso, ndipo angagwe chimodzimodzi ngakhale mutamuika pa HMAC-SHA-256. Choncho pa marauta akalewo yatsani MD5 ndithu, ndi kiyi wodzaza zilembo zonse 16 zimene MD5 ya OSPF imalola, zosankhidwa mwachisawawa ndi kompyuta osati zoganizidwa ndi munthu. Kusiya zingwezo pa mtundu 0 n'koipa kwambiri kuposa pamenepo, chifukwa LSA yabodza yolowera pa chingwe chimodzi imafalikira mu area yonse, ndipo marauta a SHA-256 adzaipatsirana mokhulupirika aliyense ataidinda ndi kiyi wake wabwinoyo. Popeza kutsimikizirana kumakonzedwa pa interface, palibe choletsa kuti rauta yatsopano ilankhule MD5 ndi yakale pa chingwe chimodzi ndi SHA-256 pa zingwe zina.

Pa chifukwa chomwecho ndimalimbikitsa kiyi wosiyana pa chingwe chilichonse, kapena pa kagulu kalikonse ka zingwe, m'malo mwa kiyi mmodzi pa netiweki yonse. Ndi ntchito yochulukirapo kusunga, ndikuvomereza, koma rauta imodzi ikabedwa kapena konfigi yake ikatuluka, mumasintha makiyi a zingwe zake zokha. Ndipo ma interface oyang'ana makompyuta a anthu, kumene kulibe rauta ina, asamatumize Hello n'komwe. Lembani `passive-interface default` pansi pa router ospf, kenako mutsegule ndi `no passive-interface` okhawo amene ali ndi mnansi weniweni. Mukatero Hello woti wina amugwire n'kukamuyesa sapezeka pa doko la mu ofesi. Lamulo limeneli limagwetsa anansi onse mukangolilemba, ndiye mizere yotsegulayo ikhale yokonzeka kale ndipo ilowe nthawi imodzi.

Pali chofooka china chimene SHA siichotsa. Nambala ya ndondomeko ija ndi ya mabiti 32, paketi yokhala ndi nambala yofanana ndi yapitayo imalandiridwa, ndipo unansi ukagwa rauta imaiwala nambala imene inafikapo, motero mapaketi akale ogwidwa angathe kutumizidwanso pa nthawi zina. Adiresi ya IP ya wotumiza nayo siilowa m'chidindo. RFC 7474 ya 2015 inakonza zimenezi ndi mtundu 3, wokhala ndi nambala ya mabiti 64 imene mbali yake ina imawerenga kangati rauta yayambitsidwa, koma musanadalire mtundu umenewu muyenera kuona ngati zida zanu zonse zili nawo.

Ngati muli ndi IPv6, musaganize kuti ntchito mwaigwirayi yakhudza OSPFv3, OSPF ya IPv6. M'mutu mwa OSPFv3 mulibe kagawo ka kutsimikizirana, poyamba inkadalira IPsec monga mwa RFC 4552, ndipo pambuyo pake panabwera chidindo cha kumapeto kwa paketi chimene chili mu RFC 7166 ya 2014. Iyenera kukonzedwa payokha ngakhale ikuyenda pa chingwe chomwecho. BGP, dongosolo louzana njira pakati pa manetiweki osiyana, nayo ili ndi zake, chifukwa chidindo chake chili mu TCP, ndipo TCP MD5 ya RFC 2385 ilibe nambala ya kiyi, motero kusintha mawu achinsinsi kumafuna kuti mbali zonse ziwiri ziwasinthe nthawi yodikira mnansi, hold time, isanathe. TCP-AO ya RFC 5925 ya 2010 ndiyo inabweretsa nambala za makiyi kumeneko.

Mlondanjira anayankhanso:

Achemwali a Chingwe_Chofiira akunena zoona, ndipo sindinatanthauze kuti chingwe chisiyidwe chopanda kanthu chifukwa choti SHA palibe. Chimene ndingaonjezere, a Kangaude, ndi chakuti nambala za makiyi muzigawe mwadongosolo kuyambira pano, mwachitsanzo za MD5 zikhale m'munsi mwa 10 ndipo za SHA-256 ziyambire pa 11, kuti tsiku limene marauta akalewo adzachoke mudzangoonjezera kiyi wa nambala yatsopano mu key chain m'malo mosintha tanthauzo la nambala imene ikugwira kale ntchito. Nambala imodzi ikakhala MD5 mbali ino ndi SHA-256 mbali inayo, unansi umagwa ngakhale key-string ikufanana chilembo ndi chilembo, ndipo vuto lotere limavuta kuliona chifukwa maso amathamangira pa kiyi.

Kangaude89 analembanso:

Ndathokoza nonse atatu. Usiku wathawu ndinafufuta konfigi ya labu n'kuyambiranso motsatira ndondomeko ya a Mlondanjira, makiyi poyamba, kenako lamulo la pa interface kuyambira rauta yakutali, ndipo ping imene ndinaisiya ikuyenda kuchokera ku R2 kupita ku area 2 siinataye paketi ngakhale imodzi. R3 ndinaiyesa ngati imodzi mwa marauta akale aja, ndiye chingwe cha R1 ndi R3 chili pa MD5 ndi kiyi 1 wa zilembo 16, virtual link ilinso pa MD5, ndipo chingwe cha R1 ndi R2 chili pa HMAC-SHA-256 ndi kiyi 11. Mu Wireshark mapaketi a zingwe ziwirizi onse akusonyeza mtundu 2, koma kutalika kwa chidindo ndi 16 pa china ndi 32 pa chinacho.

Msampha wa wotchi uja ndinauyesanso dala. Ndinaika send-lifetime yoyambira lero pa kiyi 11, kenako ndinabweza wotchi ya R2 zaka zingapo m'mbuyo ndi clock set, ndipo R2 inalemba mu log kuti ilibe kiyi woyenera kutumizira, unansi n'kugwa dead interval itatha. Nditachotsa lifetime unansiwo unabwerera wotchi ikadali yolakwika. Pa pepala la ntchito ya mwezi wamawa ndaonjezera mzere woti pomaliza tiyendetse show ip ospf interface pa rauta iliyonse ndi kufufuza mawu akuti default key id 0, ndipo OSPFv3 ya pa zingwe ziwiri zimene zili ndi IPv6 ndaiikira tsiku lake lapadera sabata yotsatirayo.